Mpweya Umene Ndinagulitsa ku Belgrave

Mphatso ndi Tiyamike, ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzamva izi wina akukumasulirani: mwandikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti masiku ano ntchito imene ndatsala nayo ndi kukhala pawindo kuwerenga mabasi a ku Wigston. Za ubwana wanga ndazidumpha. Munazimva kale kakhumi, ndipo mumadandaula kuti ulendo uliwonse mtunda wa kusukulu unkatalikirako. Ndiyambira pamene ndinagwira tayala koyamba. Zonse zili muno n'zoona, ndipo pamene mukukayika mukafunse mboni zimene ndatchula. Kuti zambiri mwa izo zinatisiya, umenewo si mlandu wanga.

Limbe, 1978

Ndinalembedwa ntchito pa depoti ina ya mabasi ndi malole ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Kapitawo wa matayala anali a Kamwendo, munthu wamfupi wa ku Chiradzulu, amene ankamvera tayala monga dokotala amamvera chifuwa. Ankayenda m'mbali mwa lole akugogoda ndi kachitsulo, uku akuti, "Ili lakhuta, ili lakhuta, ili lagona ndi njala." Ukabwera ndi geji yoyezera mpweya unkapeza zili momwemo. Tsiku lina anamva tayala likuphwa iwo ali m'tchalitchi ku Bangwe, lole ili ku Zomba. Mboni ndi eni ake, mzimu wawo uwuse mumtendere. Tsiku langa loyamba sanandipatse sipanala kapena jeke. Anandiika geji m'manja n'kufunsa kuti, "Iwe Nkhoma, galimoto imayenda pa chiyani?" Ndinati pa matayala, bwana. Anapukusa mutu. "Imayenda pa mpweya. Tayala ndi thumba chabe. Ukachepa mpweya tayala limadyeka m'mbali, limatentha, kenako limaphulika. Ukachuluka limadyeka pakati. Ntchito yonse ndi imeneyo, zinazi ndi thukuta." Ndiye anawonjezera mawu amene ndinawasunga zaka makumi atatu ndi zisanu: "Ndamva kuti uli ndi pakamwa. Uzinamiza anzako pa bawo, uzinamiza atsikana. Pa tayala usaname, chifukwa wokwerapo sadziwa kanthu."

Zaka zimene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira, katundu anasowa, ndipo machubu atsopano tinkangowamva m'nkhani. Tinkamata. Panali chubu china cha basi ya ku Mulanje chimene tinachimata mpaka chubu chenichenicho chinatheratu, n'kutsala zigamba zokhazokha zitagwirana manja, ndipo chinayendabe zaka ziwiri. A Kamwendo atapuma mu 1991, ukapitawo unagwera ine. Koma chachikulu chimene ndinapeza pa depoti ija ndi amayi anu. Anali namwino wongoyamba kumene, anabwera akukankha njinga yophwa, ndipo pamene ndinkamata ndinawauza kuti kwathu ku Dedza kuli mbatata yoti imodzi amaikumba anthu anayi. Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mumanama kwambiri." Patatha mwezi anabweranso njinga ili bwinobwino, n'kuti, "Chigamba chanu sichinama." Kuyambira pamenepo anandigawa pawiri: zonse zotuluka pakamwa panga ankazichotsera theka, kupatula za matayala. Zimenezo ankazilandira zathunthu.

Leicester, 2004

Amayi anu anatsogola kudzagwira ntchito m'chipatala, ife tinatsatira patatha zaka ziwiri, mwezi wa Januwale. Ndinavala zovala zambiri mwakuti madzulo nditavula ndinadabwa kupeza kamunthu kowonda m'katimo. Ukapitawo wanga unatsala pabwalo la ndege. Galaja iliyonse inkafuna mapepala a kuno, ndipo zaka zanga makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinalibe chidindo. Ndinagwira chaka chathunthu m'fakitale yokulunga masangweji, nditavala kachipewa ka ukonde, dazi langa likudabwa kuti akuliteteza ku chiyani.

Loweruka lina ndikuyenda kuseri kwa masitolo a golide a ku Belgrave, ndinaona kagalaja kakang'ono ndi mmwenye wina wa imvi akulimbana ndi tayala la vani limene linakana kuchoka pa limu. Ndinaima pakhomo n'kudziyankhulira ndekha m'Chichewa kuti, "Mukuliputa dala limenelo, likumenyani." Munthuyo osatembenuka anayankha kuti, "Ndiye bwerani likumenyeni inuyo." Ndinayang'ana kumbuyo kufuna amene wayankhula. Amenewo anali a Harish. Anabadwira ku Limbe, bambo awo anali ndi sitolo ku Balaka, ndipo banja lawo linasamukira kuno iwo ali mnyamata. Chichewa chawo chinaima pamene anachisiyira: ankafunsa za mabasi amene anatha kalekale, ndiponso ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa positi ofesi ukadalipo. Tayala lija ndinalichotsa, ndipo Lolemba ndinayamba ntchito. Iwo ndiwo ananditumiza ku kosi kuti ndipeze mapepala aja. Tinkagwira tili awiri, nthawi zina atatu, tikumwa tiyi wa tsabola wofiira ngati dothi la ku Thyolo, ndipo tsiku lonse m'galajamo munkamveka Chichewa. Pa Diwali, chikondwerero cha chipembedzo chawo, ankandipatsa bokosi la maswiti lolemera moti ndinkalipirira mpando wake m'basi. Mayi anga atamwalira kumudzi, a Harish anatseka galaja masana, anabwera kunyumba, anavula nsapato, n'kukhala pansi pakati pa azibambo mpaka nyimbo zitatha. Ndikufuna mumudziwe munthu ameneyu bwinobwino musanamve zotsatirazi.

2013

Magalaja akuluakulu atachuluka, makasitomala athu anayamba kuchepa. Chaka chimenecho kunabwera wamalonda wina ndi makina otalika ngati firiji, othira nayitirojeni m'matayala m'malo mwa mpweya wamba. Munthuyo sananame kwenikweni. Anati nayitirojeni ndi wouma, amatuluka m'tayala pang'onopang'ono kuposa mpweya wamba, ndiponso ndi amene amathira m'matayala a ndege ndi m'galimoto za mpikisano. Kasitomala ankawonjezera mapaundi angapo pa tayala, ife n'kumuikira tizivindikiro tobiriwira pa mavalavu kuti aliyense adziwe zimene zili m'katimo. A Harish anagula makinawo ndi mtima umodzi, winawo ukunjenjemera, ndipo anati, "A Nkhoma, ine ndili ndi makina, inu muli ndi pakamwa. Tithandizane."

Mukudziwa mmene Amalawi a kuno amakhalira. Ambiri ndi anamwino ndi osamalira okalamba, amayenda khomo ndi khomo pa tigalimoto takale, ndipo galimoto ikafa shifiti yafa. Munthu wotere sapita kwa mlendo ngati pali wakwawo. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse tinkakumana m'holo ya tchalitchi ku Wigston, kupemphera ndi kuimba m'chinenero chathu, kenako tiyi ndi mandasi. Ine ndinali mkulu wa mpingo, komanso ndinali "a Nkhoma a matayala". Pa tiyi paja ndi pamene ndinatsegulira sitolo. Ndinayamba ndi mawu a wamalonda uja, koma nkhani ikakhala m'kamwa mwanga imanenepa. Ndinkati tayala la nayitirojeni limakhalitsa mpaka mwini wake kulilemba mu wilo ya chuma chosiyira ana. Ndinkati petulo amachepa kudyeka mwakuti bambo wina anapita ku Nottingham n'kubwerako thanki itawonjezekera. Ndinkati ukathira kamodzi waiwala za geji. Ndipo ndinawonjezera china chimene wamalonda sananene, chimene a Harish sanandiphunzitse, changachanga: "Koma musadzasakanize ndi mpweya wa pafilingi. Tayala lozolowera nayitirojeni likamwa mpweya wamba limachita mseru, ndipo zonse mwathira zija zapita m'madzi. Likachepa, bwerani kwa ine." Anthu ankaseka mpaka kutsamwa mandasi, ine n'kumaganiza kuti poti aseka, adziwa kuti ndi nthabwala. Sindinadziwe kuti mpingo wonse unandigawa pawiri monga anachitira amayi anu.

Iwe Tiyamike unandiuza patebulo kuti mpweya umene timapumawu, pa magawo asanu pafupifupi anayi ndi nayitirojeni kale. Ndinakuyankha kuti mgaiwa ndi ufa woyera zonse ndi chimanga, koma mtengo ndi wosiyana. Unangoti, "Dad," n'kupitiriza kudya. Pofika Khirisimasi, pamalo oimika galimoto ku Wigston panali pobiriwira ngati dimba, ndipo a Harish anayambanso kuimba pogwira ntchito.

Novembala 2015

Ndinapita kumudzi masabata atatu kukamanga chiliza cha achimwene anga. Nthawi imeneyo amayi anu anali atasiya wodi, akuyendera odwala m'makomo m'midzi ya kumwera kwa Wigston. Sabata yoyamba, kasikuluu kanalowa m'tayala lakumbuyo la galimoto yawo, ndipo linayamba kuphwa pang'onopang'ono. Mwamuna wa wodwala wina anawauza kuti tayala lanu lagona. Tsiku lililonse ankadutsa mafilingi atatu okhala ndi pampu panja. Sanaime. Galaja yathu inali kutsidya lina la tauni ndipo ankaweruka itatsekedwa kale, ndiye anaganiza zodikira mwini mpweya abwere. M'mawa wina kukugwa mvula, pakona ya kamsewu ka kumidzi, tayala lija linaphulika, galimoto inalowa m'ngalande n'kukatsamira mpanda wa zitsamba. Anathyoka dzanja lamanja ndi fupa la paphewa. Foni inandipeza ku Dedza ndikusakaniza simenti.

Pa gawo limeneli sindiwonjezera kanthu. Nditafika ndinawapeza atakhala pampando wa pawindo masana, dzanja lili mu pulasitala, akuyesa kumwa tiyi ndi lamanzere. Ndinali nditaona kale tayalalo kumene anakokera galimoto. M'kati mwake munali fumbi lakuda la labala ndi mzere wozungulira m'mbali, zizindikiro za tayala limene layenda masiku ambiri ndi njala. Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo.

"Mayi a Mphatso, munaliona kuti laphwa?"

"Ndinaliona."

"Nanga bwanji simunapope pafilingi?"

"Munati tisasakanize."

"Zija zinali zocheza."

Anaika kapu pansi bwinobwino kuti asataye. "Bambo a Mphatso, zaka makumi atatu ndakhala nanu. Mwandiuza za mbatata, za njoka imene inameza wailesi ikuimbabe, za agogo anu amene anathamangitsa sitima. Pa tayala simunachezepo." Sanakweze mawu, ndipo sanabwerezenso nkhaniyi. Anangondipempha kuti ndiwamange mpango, poti ndi dzanja limodzi sunkatheka. Ndinawamanga mokhota, ndipo anausiya choncho tsiku lonse.

Disembala 2015

Lamlungu loyamba la mweziwo, anthu ali m'kati kuimba, ndinatuluka ndi geji m'thumba la jekete la suti n'kuyamba kugwada pagalimoto iliyonse ya tizivindikiro tobiriwira. Zochepa zokha ndi zimene zinali bwino. Zina zinali zisanaone geji kuyambira tsiku limene ndinazithira. Ya mayi Zulu, mayi wa ku Zambia amene amasamalira okalamba ku Normanton mumzinda wa Derby, tayala lakutsogolo linali lofewa moti chala chinkalowa, ndipo anali atayenda nalo kuchokera ku Derby m'mawa womwewo ndi ana awiri kumbuyo. Atatuluka ndinawafunsa, ndipo anayankha mokondwa, ngati munthu amene wasunga lamulo: "Nenze kulindila imwe, atate. Amuna anga anafuna kupompa pa filingi, n'nawakaniza." Ndinatenga pampu ya phazi m'galimoto mwanga n'kupopa onse amene ndinatha, mwakachetechete, ndi mpweya wa Mulungu wa pa Wigston. Palibe tayala limene linachita mseru.

Mwezi umenewo sindinaumve kukoma. Ndinatenga matayala awiri ofanana, lina ndinathira nayitirojeni, lina mpweya wamba, n'kuwaimika kuseri kwa galaja. Patatha masabata atatu onse anali atatsikako ndi kuzizira, ndipo kusiyana kwake kunali kwakuti ndinachita kuvala magalasi kuti ndikuone. Choti ndichite ndinkachidziwa. Chovuta chinali chakuti mwezi womwewo a Harish, amene mtima unali utayamba kuwavuta, anali atandiuza kuti chaka chikatha andisiyira makiyi ndikhale manijala, iwo azingobwera kudzamwa tiyi. Komanso theka la makasitomala a makina aja anali a mpingo wa ku Wigston. Kukaima pagulu kunali kukanena kuti galaja ya munthu amene ananditola pakhomo inkagulitsa mphepo. Ndinafunsa amayi anu maganizo. Anati, "Ine sindikuuzani chochita. Koma dzanja ili lizipita kutchalitchi, ndipo anthu akumandifunsa kuti chinachitika n'chiyani."

Loweruka lomaliza tisanakumanenso ku Wigston, titatseka masana, ndinawauza a Harish zonse. Anamvetsera akupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

"Pepani za amayi," anatero. "Mukudziwa kuti zinandikhudza. Koma makina sananame, a Nkhoma. Ine sindinaname."

"Wonama ndine."

"Ndiye lekani kunena zosasakanizazo. Aliyense wobwera muzimuuza payekha. Kukaimirira pagulu n'kwa chiyani?"

"Chifukwa ndinanenera pagulu. Ndikamadikira kuti abwere mmodzimmodzi, wina safika."

"Akamva, sadzati Nkhoma ananama. Adzati mmwenye uja anatibera. Mawu amenewo ndinawamva ndili mwana ku Balaka, ndipo sindinaganize kuti ndidzawamvanso kuno chifukwa cha inu."

Ndinalonjeza kuti ndidzanena momveka kuti bodza linali langa ndekha. Anapachika sipanala pamalo pake n'kuti, "Ndakupemphani ngati m'bale. Musapite." Ndinati ndipita. Anazimitsa magetsi tili m'katimo.

Januwale 2016

Nthawi ya zolengeza itakwana, atatha a kwaya ndi a komiti ya maliro, ndinakweza dzanja n'kupita kutsogolo. Ndisanatsegule pakamwa anthu anali atayamba kale kumwetulira. Ndinati, "Abale, ndabwera kudzalapa. Ndinakunamizani za mpweya." Holo yonse inaseka. Ndinati ndikunena zoona, ndipo anaseka kwambiri. Bambo wina kumbuyo anati, "Lumbirani, a Nkhoma," ndipo nditalumbira ena anagwira m'mimba. Ndinaima pamenepo ngati mbuzi pamsika. Zaka zonse ndinkalumbira pa mabodza anthu n'kumasangalala, ndipo lero lumbiro langa linali litatha mphamvu pa tsiku limene ndinkalifuna. Kenako amayi anu anaimirira pamzere wachitatu. Sanabwere kutsogolo. Anangokweza pulasitala uja m'mwamba mmene phewa linalolera, n'kuti, "Lero akunena zoona. Mverani." Kuseka kunathera pomwepo.

Zimene ndinanena tsiku limenelo ndizilemba pano kuti nanunso muzisunge. Nayitirojeni si woipa. Amatuluka mochedwerako pang'ono, ndipo m'ndege ndi m'galimoto za mpikisano ali ndi ntchito yake. Koma galimoto ya mayi Zulu siuluka. Pa galimoto zathuzi, chimene chimasunga tayala ndi kuchepetsa petulo si mtundu wa mpweya, koma kuchuluka kwake: kuyeza mwezi uliwonse matayala asanatenthe, kutsatira nambala yolembedwa pachitseko cha dalaivala, ndi kupopa pomwepo likachepa. Msomali sufunsa kuti m'katimo muli chiyani. Kusakaniza sikuwononga kanthu, ndipo tayala lokhuta mpweya wamba limaposa kutali tayala la njala la nayitirojeni. Wofuna kuthirabe athire, koma geji asaitaye. Pomaliza ndinanena kawiri, pang'onopang'ono, kuti a Harish sananenepo zosasakaniza, kuti mawuwo ndinawapeka ndekha, ndiponso kuti aliyense wofuna kukwiya akwiyire ine. Mayi wina anafunsa ngati zobwerako ku Nottingham thanki itadzaza zinalinso zabodza. Ndinati zimenezo tikambirana tsiku lina.

Lolemba ndinapita kuntchito nditakonzeka kuchotsedwa. A Harish sanandichotse. Anandipatsa moni m'Chingerezi, n'kunditchula kuti Mister Nkhoma. Tsiku lonse, sabata yonse, mwezi wonse, zonse zinali m'Chingerezi chaulemu, chokhala ndi chonde ndi zikomo pamalo pake. Ndikayankhula Chichewa ankayankha ngati sanamve. Ndagwirapo ntchito ndi mabwana otukwana, koma chilango ngati chimenechi sindinachionepo. Tiyi aliyense ankamwera pakona pake. Umanijala unapita kwa mphwawo wa ku Loughborough, munthu wabwino ndithu, amene ndinagwira pansi pake mpaka ndinapuma mu 2023. Makina anakhalabe, koma ankalira mwa apo ndi apo, ndipo zimene ankaopa a Harish zinachitikako: anthu ena anasiya kubwera, ndipo mawu aja ena anawanenadi. Ndinkawatsutsa paliponse ndawamva, koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa.

Ku Wigston ndinayamba mwambo watsopano. Tikatha mapemphero, galimoto zinkandandalika, ine n'kumagwada pa katoni ndi geji, amuna achinyamata akusinthana pa pampu, amayi anu akulemba manambala pa tikapepala n'kumapatsa eni galimoto. Dzanja lawo linachira, kungoti kukazizira limawauza nyengo tsiku lisanafike. Chaka chatha linalosera chipale chofewa cha ku Scotland.

Seputembala 2016

Lamlungu limenelo mzere unali wautali, ndipo mawondo anga anali atayamba kale kuyankhula. Nditamaliza galimoto ya mayi Zulu, amene tsopano anali ndi geji yawoyawo ndipo ankangobwera kudzanditsutsa, ndinakoka katoni kupita pa yomaliza osayang'ana mwini wake. Inali galimoto yotuwa, yakale koma yosamalika, ya tizivindikiro tobiriwira. Ndinaizindikira ndi malo opindika a pachitseko. A Harish anali ataima pambali, manja kumbuyo, atavala malaya oyera a kukachisi, pakati pa Amalawi osadziwa kuti ayang'ane kuti. Amayi anu ndiwo anayamba kusuntha. Anapita kukatenga tiyi ndi mandasi awiri n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndipo iwo analandira ndi manja awiri.

Ine ndinagwada n'kuyeza lakutsogolo. Linali lochepa. Ndinayeza linzake, lochepanso. Lakumbuyo kumanzere linali loti a Kamwendo akanalilirira. Munthu wa galaja, mwini kompuresa, mwini makina. Ndinadzutsa mutu, ndipo poti ndinali nditatopa ndinaiwala Chingerezi.

"Bwana, matayala awa munawayeza liti?"

Anatafuna ndasi nthawi yaitali, akuyang'ana denga la holo. Kenako anayankha m'Chichewa chija cha ku Balaka.

"Tsiku limene munathira inu."

"Zaka zitatu zapitazo? Inuyo?"

"Munati ukathira kamodzi waiwala za geji."

"Koma inu munalipo pamene wamalonda uja ankafotokoza. Munamva kuti sananene zimenezo."

"Ndinamva," anatero a Harish. "Koma inu munkafotokoza bwino kuposa iye."

Amayi anu anatembenuka kuti asaoneke akuseka, koma mapewa anawaulula. Ndinafunsa a Harish kuti ndiwathire uti, poti pano tili ndi wamba wokha. Anandipatsa kapu kuti ndiwagwirire, anakwinya buluku, n'kuika phazi lawo pa pampu.

"Inu muziwerenga geji, achimwene," anatero. "Koma muwerenge zimene zalembedwazo."